Ndalama Zothawira Padenga: Mafunso ndi Mayankho pa Kutentha ndi Kuzizira kwa M'nyumba

Mu Okutobala nyumba yamalata imasanduka ng'anjo, ndipo pofika Juni nyumba yomweyo imazizira ngati madzi a mumtsuko. Amene ali ndi magetsi amathamangira fani, hita kapena eyakoni, mita n'kuyamba kulira mwezi usanafike pakati. Amene alibe magetsi amaonjeza makala pambaula, thumba lomwe likadatha milungu itatu n'kutha m'milungu iwiri. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene timafunsana kawirikawiri, ndipo mayankho ake akukumana pa mfundo imodzi: chipangizo choyamba chofunditsa kapena kuziziritsa banja ndi nyumbayo payokha. Tikaisiya momwe ilili n'kumangogula makina, tikutunga madzi ndi dengu.

N'chifukwa chiyani nyumba imodzi yomweyo imawotcha mu Okutobala n'kumazizira koopsa mu Juni?

Kutentha kumayenda kuchoka pofunda kupita pozizira, ndipo lata silikutsekereza konse. Ndi chitsulo chomwe kuchindikala kwake sikufika milimita imodzi. Dzuwa likaliomba masana, makamaka ngati ndi lakuda kapena ladzimbiri, limatha kutentha kupitirira madigiri 60, ndipo kutenthako kumatsikira pamitu pathu ngati taima pansi pa chiwaya. Usiku wa mu Juni, kuthambo kulibe mitambo, lata lomwelo limataya kutentha konse mofulumira. N'chifukwa chake m'mamawa mumaona madontho a madzi kunsi kwa malata ngakhale mvula isanagwe.

Denga laudzu la makolo athu linali lochindikala, ndipo pakati pa udzuwo pamakhala mpweya wosayenda. Mpweya wotsekeredwa chotere ndiwo umaletsa kutentha kudutsa, monga zimakhalira ndi bulangete. Makoma adothi ndi khonde lozungulira zimathandizanso. Tidasankha malata pa zifukwa zomveka: sadontha, safuna kufolera chaka ndi chaka, sagwira moto msanga. Koma walira mvula walira matope. Ntchito yomwe ili patsogolo pathu ndi kubwezera pansi pa lata chija chomwe udzu unkatipatsa kwaulere.

Kodi malangizo ake ndi amodzi kwa wa ku Dedza ndi wa ku Nsanje?

Ayi. Kwathu kuno nyengo imatsata kukwera kwa malo. Mukakwera mamita 1,000, mpweya umazizirako ndi madigiri pafupifupi 6. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pomwe Nsanje sifika ngakhale mamita 100, ndipo kuchigwa cha Shire kutentha kumatha kupitirira madigiri 40 mvula isanayambe. Ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje kumabwera chiperoni, kamvula kozizira komwe dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique.

Choncho wa ku Chikwawa, Mangochi, Salima kapena Karonga aganize kwambiri za mthunzi ndi kuyenda kwa mphepo. Wa ku Dedza, Ntchisi kapena Mzuzu aganize zotseka mipata ndi kulowetsa dzuwa la mu Juni. Chomwe onsewa akufanana ndi denga.

Ndi chipangizo chiti chomwe chimandidyera mayunitsi?

Masamu ake ndi apafupi ndipo ndi bwino banja lonse liwadziwe. Yuniti imodzi yomwe mumagula kwa ESCOM ndi mphamvu yomwe chipangizo cha mawati 1,000 chimadya pa ola limodzi. Kumbuyo kapena kunsi kwa chipangizo chilichonse palembedwa nambala yotsatana ndi chilembo W. Ichulukitseni ndi maola omwe chimayaka, mugawe ndi 1,000, ndipo mwapeza mayunitsi.

Hita ya mawati 2,000 ikayaka maola 5 madzulo, yadya mayunitsi 10. Pamwezi ndi mayunitsi 300. Eyakoni ya chipinda chimodzi, ya mawati pafupifupi 1,000, ikhoza kudya mpaka mayunitsi 8 pa usiku wa maola 8. Fani ya mawati 60 pa maola 8 omwewo imadya theka la yuniti, kutanthauza mayunitsi pafupifupi 15 pamwezi. Babu la LED la mawati 9, loyaka maola 5 tsiku lililonse, silifika yuniti imodzi ndi theka mwezi wonse.

Apa pali phunziro. Nthawi zambiri timakalipira ana chifukwa cha babu lomwe aiwala kuzimitsa, pomwe hita ikuyaka pabalaza popanda munthu. Kuzimitsa mababu ndi khalidwe labwino, koma ndalama zenizeni zili pa zipangizo zomwe zimasintha kutentha kwa chinthu: hita, giza, eyakoni, kuka, ketulo ndi ayironi.

Ndili ndi ndalama zochepa. Ndiyambire pati?

Yambirani pamwamba. Nyumba yamalata yopanda siling'i ili ngati munthu woyenda padzuwa wopanda chipewa. Siling'i imatchinga kutentha kotsika kuchokera kumalata, ndipo nyengo yozizira imaletsa mpweya wofunda, womwe mwachilengedwe umakwera m'mwamba, kuthawira m'mipata ya pakati pa khoma ndi denga. Ngati simungathe nyumba yonse, yambani ndi chipinda chogona ana kapena cha agogo.

Sikuti siling'i ikhale yamabolodi odula okha. Mphasa zabango zolukidwa mothinana kapena nsungwi zong'ambidwa bwino zimagwira ntchito ndipo zimakongola. Chachikulu ndi chakuti mawaya onse a magetsi adutse m'mapaipi ake, oikidwa ndi mmisiri wodziwa, chifukwa bango louma silichedwa kuyaka.

Pali zinthu ziwiri zomwe amisiri ambiri amadumpha. Choyamba, malo a pakati pa malata ndi siling'i amafunika kupuma. Siyani timabowo mbali ziwiri zoyang'anana, pamwamba pa makoma a m'mapeto, kuti mpweya wotentha uzituluka, ndipo mutseke ndi waya wasefa kuti mileme ndi mbalame zisalowe. Chachiwiri, ngati mukumanga kapena kusintha malata, yalani pepala lonyezimira la aluminiyamu kunsi kwake malatawo asanakhomedwe. Pepalali limabweza kutentha, koma limafuna mpata wa mpweya kumbali yake yonyezimira. Likakhudzana ndi zinthu mbali zonse ziwiri, mphamvu yake imachepa kwambiri. Kuliika pomanga n'kotchipa kuposa kudzakhomola denga patsogolo.

Kodi n'zoona kuti kupaka malata utoto woyera kumathandiza?

N'zoona. Chinthu choyera chimabweza kuwala kwa dzuwa kochuluka, pomwe chakuda chimakumeza n'kukusandutsa kutentha. Mukhoza kudziyesera nokha poika zidutswa ziwiri za lata padzuwa, china choyera, china chakuda, n'kuzikhudza pakatha ola. Mzinda wa Ahmedabad ku India, utataya anthu ambiri ndi kutentha kwa mu 2010, udakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi kutentha mu 2013, ndipo imodzi mwa ntchito zomwe zidatsatira ndi kupaka madenga a mabanja osauka utoto woyera ndi njereza.

Masiku ano tikukonda malata akuda, obiriwira kwambiri kapena ofiirira chifukwa amaoneka bwino pamsewu. Kwa wokhala ku Liwonde kapena Nkhotakota, mtundu umenewo ndi ngongole yomwe adzalipire Okutobala aliyense. Njereza ndi yotchipa koma imakokoloka ndi mvula, choncho imafuna kubwereza. Utoto wa malata umakhalitsa, bola muyambe mwatsuka fumbi ndi kupala dzimbiri. Kumalo ozizira ngati Dedza, ndalama yomweyo ingapindule kwambiri mukaiika pa siling'i.

Mawindo ndiziwatsegula kapena ndiziwatseka kukatentha?

Zimatengera nthawi. Makoma anjerwa amamwa kutentha masana n'kumakutulutsa usiku. Dzuwa likalowa ndipo kunja kwazizira kuposa m'kati, tsegulani mawindo mbali ziwiri zoyang'anana kuti mphepo idutse n'kuchotsa kutentha m'makomamo. Zenera limodzi lokha silikwanira, pakuti mphepo imafuna polowera ndi potulukira. M'mawa kukayamba kufunda, tsekani mbali yomwe dzuwa likuomba. Kutsegula usiku kumafuna waya wasefa m'mawindo ndi kugona m'neti, chifukwa sitingasinthanitse thukuta ndi malungo.

Dziwaninso njira ya dzuwa. Dziko lathu lili kum'mwera kwa ikweta, choncho mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto, pomwe chakumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala limadutsa paliwombo. Zenera loyang'ana kumpoto, lokhala ndi denga lotulukirako pang'ono pamwamba pake, limalandira dzuwa nthawi yozizira n'kukhala pamthunzi nthawi yotentha. Lovuta ndi zenera la kumadzulo. Dzuwa la 3 koloko masana limakhala litapendekera, limalowa kunsi kwa khonde, ndipo limafika tsiku litatentha kale.

Mthunzi wa kunja umaposa katani la m'kati, chifukwa katani limagwira kutentha kutadutsa kale galasi. Kumadzulo kwa nyumba dzalani mtengo wamthunzi monga mango kapena nimu, motalikirako ndi maziko kuti mizu isang'ambe khoma. Podikira kuti ukule, mangani kathandala ka nsungwi n'kuyangitsapo magalagadeya, kapena pachikani mphasa kunja kwa zenera. Nyengo yotentha phikirani kukhitchini ya panja, popeza moto uliwonse woyaka m'nyumba umasiya kutentha kwake momwemo.

Fani ndi eyakoni, chabwino n'chiti?

Zimagwira ntchito zosiyana. Fani siziziritsa mpweya. Imangouyendetsa kuti thukuta liume msanga, ndipo thupi limamva kuzizira. Ndiye fani yozungulira m'chipinda mopanda munthu ikungotaya ndalama. Komanso mpweya ukatentha kuposa thupi lenilenilo, monga zimachitikira kuchigwa cha Shire, fani payokha imangokuuzirani moto. Pamenepo nyowetsani khungu kapena fundani chitenje chonyowa, imwani madzi pafupipafupi, ndipo muziyang'anira makanda ndi okalamba, omwe amafooka msanga.

Eyakoni imatulutsadi kutentha m'chipinda, koma mwaona kale kuti ikhoza kudya kuposa fani kakhumi ndi kupitirira. Ngati muli nayo, iikeni pa madigiri 24 kapena 25, n'kuyatsanso fani pang'ono. Kuiika pa 16 sikuipangitsa kuziziritsa mofulumira. Imangogwira ntchito nthawi yaitali osapuma. Tsekani zitseko ndi mawindo, tsukani sefa yake mwezi ndi mwezi nyengo ya fumbi, ndipo bokosi la panja likhale pamthunzi pomwe mphepo ikudutsa momasuka. Pogula yatsopano, ya mtundu wa inverter imadya mochepa chifukwa imatsitsa liwiro m'malo mozima ndi kuyaka. Ngati yanu ili ndi batani lofunditsira, igwiritseni ntchito mu Juni m'malo mwa hita, pakuti pa yuniti imodzi imapereka kutentha kochuluka pafupifupi katatu.

Nanga mu Juni ndi Julaye tingafunde bwanji popanda kuyatsa hita usiku wonse?

Funditsani munthu musanafunditse chipinda. Zovala zingapo zophatikiza zimafunda kuposa chimodzi chochindikala, chifukwa cha mpweya uja wotsekeredwa pakati. Masokosi ndi chipewa chaubweya zimathandiza kwambiri ana. Simenti imakoka kutentha kumapazi, choncho yalani mphasa, mkeka kapena kapeti. Botolo la raba la madzi otentha limafunditsa bedi maola angapo, ndipo kutenthetsa madzi ake ndi ketulo kumadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a yuniti. Madziwo asakhale owira, botolo likulungidwe m'nsalu, ndipo lisaikidwe pafupi ndi khanda.

Kenako sakani pomwe mphepo ikulowera. Madzulo yendetsani dzanja lonyowa m'mbali mwa zitseko ndi mawindo, mudzaimva. Pansi pa chitseko gonekanipo nsalu yakale yokulungiza. Magalasi a mawindo opendeketsa aja amene satsekeka bwino, akonzeni. Masana tsegulani makatani a kumpoto kuti dzuwa lifunditse pansi ndi makoma, ndipo likangolowa muwatseke.

Mukafuna hita, dziwani kuti mahita onse a waya wotentha, kaya amafuta, kaya a timipiringidzo tofiira, kaya ouzira, amapereka kutentha kofanana pa yuniti iliyonse. Phindu lili pa kufunditsa chipinda chimodzi chaching'ono chotsekedwa, kwa nthawi yochepa. Musayanikepo zovala, ndipo musailumikize pa waya wowonda wa ekisitenshoni.

Bwanji osangolowetsa mbaula kuchipinda? Makala ndi otchipa kuposa magetsi.

Pa mafunso onse ili ndi lomwe ndikupempha kuti muliwerenge kawiri. Makala akamayaka m'chipinda chotsekedwa amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide. Suoneka, sununkha, sutsokomoletsa. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, koma amene ali m'tulo samva kanthu. Banja lonse likhoza kugona osadzukanso.

Ambiri amakhulupirira kuti makala akafiira ndipo utsi watha, ngozi yatha. Si zoona ngakhale pang'ono. Makala ofiira opanda utsi akutulutsabe mpweyawo. Otherani mbaula pakhonde kapena pamalo podutsa mphepo, ndipo musanagone itulutseni panja. Chimodzimodzi jenereta isayake m'nyumba kapena m'galaja yotseka, ndipo hita ya gasi kapena ya palafini isasiyidwe ikuyaka anthu ali m'tulo. Mukapeza anthu akomoka kapena akudandaula mutu onse pamodzi m'chipinda momwe muli mbaula, tsegulani zitseko, atulutseni panja, n'kuthamangira nawo kuchipatala ngakhale aoneke kuti atsitsimuka. Palibe ndalama yopulumutsidwa yomwe ingafanane ndi moyo wa mwana.

Giza ikulowa bwanji pa nkhaniyi?

M'nyumba zambiri za m'tauni giza ndiyo imadya kwambiri, ndipo imatero mwakachetechete kudenga. Kutenthetsa malita 150 a madzi kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumafuna mayunitsi pafupifupi 7. Ndowa ya malita 20 ya madzi ofunda bwino osamba imafuna theka la yuniti basi. Kusiyanaku kukuonetsa kuti kuchepetsa madzi otentha omwe timagwiritsa ntchito ndiko kumapulumutsa kwambiri.

Uzani mmisiri aike giza pa madigiri 60. Kupitirira apo n'kungotaya mphamvu, koma musatsitsenso kwambiri, chifukwa m'madzi ofunda pang'ono mumaswana tizilombo ta Legionella toyambitsa chibayo. Ikulungeni ndi bulangete lake, pamodzi ndi mapaipi otuluka, ndipo mpopi wa madzi otentha wodontha ukonzedwe msanga. Amene angathe, giza yadzuwa ndi yoyenera dziko ngati lathu, lomwe miyezi yambiri dzuwa limawala tsiku lonse.

Ndimakhala nyumba yalendi. Ndingachite chiyani poti denga si langa?

Zambiri mwa zomwe tatchulazi mukhoza kusamuka nazo: makatani ochindikala, mphasa, fani, nsalu ya pachitseko, ndi chizolowezi chotsegula ndi kutseka mawindo pa nthawi yake. Pa siling'i kapena utoto, kambiranani ndi eni nyumba kuti mulipire inu, iwo azidula pa lendi, ndipo mgwirizanowo ulembedwe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nyumba yokonzedwa imapindulira onse awiri. Posaka nyumba, musakaione m'mawa mokha. Pitaninso cha m'ma 3 koloko masana, muime kuchipinda chogona, muyang'ane m'mwamba ngati muli siling'i, ndipo muone komwe mawindo ayang'ana.

Abale athu a ku Joni ndi ku Britain amadandaulanso za mabilu. Kodi mfundozi zikuwakhudza?

Zikuwakhudza, makamaka ongofika kumene. Johannesburg ili pamtunda woposa Dedza, ndipo usiku wa mu Juni kumatha kuzizira mpaka madzi kuundana. M'tinyumba tamalata ta kumeneko ngozi ndi zomwe zija: mbaula, yomwe eni dziko amaitcha imbawula, ndi mahita a palafini omwe akagubuduka amayatsa nyumba zoyandikana.

Ku Britain nyumba zambiri zimafunditsidwa ndi gasi, ndipo a zaumoyo amalangiza kuti m'nyumba musatsike madigiri 18. Nyumba yalendi imakhala ndi chikalata cha EPC chosonyeza kasungidwe kake ka kutentha, kuyambira A yabwino kwambiri mpaka G, ndipo ku England ndi Wales lamulo limafuna kuti yochititsa lendi ifike pa E, kupatula zochepa zololedwa mwapadera. Funsani chikalatacho musanasaine. Malire a mitengo ya gasi ndi magetsi omwe bungwe la Ofgem limaika ndi a mtengo wa yuniti, osati a bilu yonse, choncho wogwiritsa ntchito zambiri amalipirabe zambiri. Ndipo musatseke mpweya wonse poopa kuzizira, chifukwa chinyontho cha kuphika ndi kuyanika zovala m'nyumba chimabala nkhungu m'makoma, yomwe imadwalitsa chifuwa.

Kodi zonsezi n'zongopulumutsa thumba langa basi?

Thumba ndi poyambira, koma nkhaniyi ndi yaikulu. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi, wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, malo omwe kuyambira 2017 ali m'manja mwa kampani ya EGENCO. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tonse tikukumbukira mdima wa miyezi yotsatira. Madzulo, pomwe makuka, magiza ndi mahita zimayaka nthawi imodzi, ndi pomwe magetsi amaperewera kwambiri. Thumba lililonse la makala nalonso ndi mitengo yomwe yagwa m'mapiri omwe amasunga madzi a mitsinje yathu.

Magetsi akazima, eyakoni imaima, fani imaima, hita imazirala. Siling'i siizima. Mtengo wamango wa kumadzulo kwa nyumba sufuna mayunitsi, ndipo zenera la kumpoto limalowetsabe dzuwa la mu Juni. Chomwe mwaika m'nyumbayo chimakutumikirani chaka ndi chaka, pomwe mayunitsi ogula lero amatha mawa.

Yambani usiku uno. Lembani nambala yomwe ili pamita musanagone, mulembenso m'mawa. Mawa lake chitani chimodzimodzi mutazimitsa giza kapena hita, ndipo mudzadziwa chomwe chikukudyerani ndalama. Zomwe mupulumutse mwezi uno muziike padera, zikhale chiyambi cha siling'i ya chipinda cha ana. Pang'onopang'ono ndi mtolo.